CHILEMBO CHIMODZI CHIDATILUZITSA NDALAMA

Anzanga ophunzira, abambo athu ansembe ndi inu makolo amene mumawerenga magazini athu ano, ndiloleni ndiyambe ndi kuulula cholakwa changa. Pa tchuthi chapitachi ndidali kwa azakhali anga ku Nkhotakota. Iwowa amachita geni ya mpunga ndi nsomba zowamba, ndipo geni yomweyi ndi imene amaphunzitsira ana awo atatu. Msuweni wanga amene amakhala ku Lilongwe adawatsegulira tsamba la pa intaneti kuti anthu a mumzinda aziona katundu wawo ndi kumaitanitsa ali komweko. Tsiku lina azakhaliwo adandipatsa foni nati, "Mwana wanga, iwe ndiwe wa sukulu. Tandilembera katundu yense amene ndili naye pamodzi ndi mitengo yake."

Ine ndidalemba mothamanga pakuti anzanga ankandidikira ku bwalo la mpira. Ndidandandalika mpunga wa Faya, usipa ndi kampango. Pofika pa nsomba yokoma ija yotchedwa mpasa, imene imakwera mu mtsinje wa Bua kukaswana, chala changa chidawonjezera chilembo cha h. Ndidalemba kuti mphasa, ndipo pambali pake ndidaika mtengo ndi liwu lakuti imodzi. Chithunzi sindidaikepo. Sindidawerengenso zimene ndidalembazo.

Patapita masiku anayi, mayi wina wa ku Lilongwe adatumiza uthenga wakuti akufuna mphasa zisanu ndi imodzi, ndipo zifike Lachisanu. Ndalama adatumiziratu pa foni. Azakhali powerenga uthengawo adangoti ndi kalembedwe ka masiku ano, pakuti iwo mphasa sagulitsa. Adasankha nsomba zisanu ndi imodzi zonenepa bwino, naziika mu katoni, nalipira ya basi. Koma mayi uja ankakonzekera chinkhoswe cha mwana wake, ndipo chimene ankafuna ndi poti alendo adzakhale. Iye sadalakwe. Kunyanja bango ndi losasowa, kotero si zachilendo kuti wogulitsa nsomba azigulitsanso mphasa.

Zotsatira zake zidali zowawa. Ndalama zidabwezedwa zonse, ya basi idapita, ndipo msuweni wanga adagulitsa nsombazo motchipa poopa kuti zingaonongeke. Choipa kwambiri chidali chakuti mayiyo, ali ndi mkwiyo, adalemba pa tsamba lomwelo kuti anthu asamale nafe. Azakhali sadandikalipire. Adangondifunsa kuti, "Kodi kusukuluko Chichewa mudasiya kuphunzira?" Funso limeneli ndi limene landichititsa kulemba nkhani ino.

PA INTANETI MAWU NDIWO AMAGULITSA

Munthu akapita ku msika amaona wogulitsa maso ndi maso. Nsomba amaigwira, amainunkhiza, ndipo amanenerera mtengo. Wogulitsa akaphonya mawu, wogula amafunsa kuti, "Mwati bwanji?" ndipo nkhani imakonzeka pomwepo. Pa tsamba la pa intaneti zonsezi palibe. Wogula saona nkhope yanu, sadziwa kwanu, ndipo katundu sangamukhudze. Chimene ali nacho ndi chithunzi ndi mawu amene mwalemba. Choncho mawuwo amagwira ntchito zitatu nthawi imodzi. Amafotokoza katundu, amakhala pangano pakati pa inu ndi wogula, ndiponso amasonyeza kuti inuyo ndinu munthu wotani.

Chinanso n'chakuti tsamba siligona. Chikwangwani cha pa golosale chimawerengedwa ndi okhawo odutsa pa msewu umenewo, koma tsamba limawerengedwa usana ndi usiku, ku Mzuzu, ku Johannesburg ngakhale ku London. Cholakwa chimodzi chimafika kwa anthu onsewo. Wina akachijambula pa foni yake ndi kutumizira anzake kuti aseke, chimayendabe ngakhale inu mutachikonza.

M'chaka cha 2011 wamalonda wina wa ku Britain, Charles Duncombe, amene ankagulitsa zovala ndi zinthu zina pa intaneti, adauza wailesi ya BBC kuti liwu limodzi lolembedwa molakwika lingathe kuchepetsa malonda ndi theka. Iye adaona kuti atakonza liwu lolakwika pa tsamba lake lina, ndalama zimene ankapeza pa mlendo aliyense wofika pa tsambalo zidakwera kawiri. Izi ndi zimene adaona munthu mmodzi pa malonda ake, koma chifukwa chake n'chosavuta kumvetsa. Wogula amaganiza kuti, "Ngati munthuyu sasamala polemba dzina la katundu wake, kodi adzasamala potumiza katundu wanga?"

KALEMBEDWE KA MAWU

M'Chichewa chilembo cha h chili ndi ntchito yaikulu. Chimasonyeza kampweya kamene kamatuluka potchula p, t kapena k. Mukachisiya kapena kuchiwonjezera, mwasintha liwu. Mpasa ndi nsomba, mphasa ndi yogonapo. Mpaka ndi liwu losonyeza malire, mphaka ndi chiweto. Phala timadya, koma pala ndi kulamula munthu kuti apale. Palinso kachizindikiro kakang'ono kapamwamba kamene ambiri amakanyozera. Wogulitsa ziwiya amagulitsa mbale, osati m'bale. Nanga taganizani za wogulitsa chambo amene chala chake chaphonya chilembo chotsiriza n'kulemba kuti ali ndi chamba chambiri. Ameneyo angalandire alendo ovala yunifolomu amene sadawaitane.

Amalonda ambiri amalembanso m'Chingerezi pofuna kukopa ogula a kutali. Apa vuto lathu lodziwika ndi la zilembo za l ndi r. M'Chichewa zilembo ziwirizi sizisiyanitsa tanthauzo. Kawirikawiri timalemba r pambuyo pa i ndi e, monga mu mpira ndi kupereka, ndipo timalemba l pambuyo pa a, o ndi u, monga mu mbalame, chikole ndi fulu. M'Chingerezi sizili choncho. Kumeneko rice ndi mpunga, koma lice ndi nsabwe. Fresh ndi chinthu chatsopano, koma flesh ndi mnofu. Azakhali anga akadalemba kuti akugulitsa nsabwe za ku Nkhotakota pa kilogalamu, sindikhulupirira kuti akadapeza wogula.

Wina angaganize kuti zoterezi zimangovuta ife a geni zing'onozing'ono. Si choncho ayi. Mu mzinda wa Cardiff ku Wales mudali kampani ya zomangamanga ndi zitsulo yotchedwa Taylor & Sons, imene idayamba m'chaka cha 1875 ndipo idali ndi antchito oposa 250. Mu February 2009 ofesi ya boma yolembetsa makampani ku Britain, Companies House, idalemba m'kaundula wake wa pa intaneti kuti kampaniyi yatsekedwa chifukwa cha ngongole. Koma imene idatsekedwa idali ina, dzina lake Taylor & Son, lopanda s kumapeto. Cholakwacho adachikonza patangopita masiku atatu, koma mbiri idali itafika kale kwa makampani ofufuza za ngongole. Amene ankaipatsa katundu pa ngongole adasiya, ogula adathetsa mapangano, ndipo pasanathe miyezi itatu kampaniyo idagwa. Mu January 2015 khoti lalikulu la ku London lidagamula kuti ofesi ija ndiyo idalakwa. Kampani ya zaka 134 idatha chifukwa cha chilembo chimodzi.

MALAMULO A CHIYANKHULO

Kulemba zilembo molondola sikokwanira. Mawu ayeneranso kugwirizana m'chiganizo. M'kalasi timaphunzira za agwirizanitsi, ndipo ambiri a ife timangowaloweza kuti tikhoze mayeso. Koma pa malonda agwirizanitsi ndi ndalama. Mayina monga nkhuku, nsomba, mbuzi ndi njinga sasintha ngakhale zinthuzo zichuluke. Chimene chimauza wogula kuti chinthu ndi chimodzi kapena ndi zambiri ndi mgwirizanitsi yekha. Munthu akalemba kuti "nkhuku zazikulu K15,000" pamene mtengowo ndi wa nkhuku imodzi, wogula ali ndi chifukwa chofunsira kuti zinazo zili kuti. Wolemba mosamala adzati, "nkhuku yaikulu imodzi K15,000."

Chimodzimodzinso nthawi za aneni. Tatumiza, tikutumiza, titumiza ndi tidzatumiza ndi malonjezo anayi osiyana. Tatumiza ndiye kuti katundu ali kale pa msewu, ndipo wogula angathe kupita ku depoti kukadikira. Titumiza ndiye kuti posachedwa, mwina lero lomwe. Tidzatumiza ndiye kuti tsiku lina m'tsogolo. Wamalonda amene amasakaniza zimenezi amaoneka wabodza ngakhale pamene sadafune kunama.

Liwu lokana nalonso ndi lofunika kuliyang'anitsitsa, pakuti ndi lalifupi ndipo silichedwa kugwa. "Timalandira katundu wobwezedwa" ndi "sitilandira katundu wobwezedwa" zimasiyana pang'ono pa maso koma kwambiri m'thumba. Vutoli ndi lakale kuposa makompyuta. M'chaka cha 1631 ku London, osindikiza mabuku a mfumu, Robert Barker ndi Martin Lucas, adasindikiza Baibulo la Chingerezi limene lidasiya liwu lokana m'lamulo loletsa chigololo, kotero kuti lamulolo lidanena zosiyana ndi zimene lidayenera kunena. Anthu awiriwa adawalipiritsa mapaundi 300, ndalama zochuluka zedi pa nthawiyo, ndipo adawalanda chilolezo chosindikiza.

Pali lamulo linanso limene silili m'buku la galamala lokha komanso m'mwambo wathu, ndilo ulemu. Pa tsamba la malonda simudziwa amene akuwerenga. Angakhale mnzanu wa msinkhu wanu, angakhale agogo, angakhale a mfumu. N'chifukwa chake tiyenera kulemba kuti "bwerani mudzagule" osati "bwera udzagule." Tipewenso chidule cha m'mauthenga a pa foni, monga zkm m'malo mwa zikomo ndi bwj m'malo mwa bwanji. Zimenezi n'zochezera ndi anzathu. Kholo limene likufuna kutumiza ndalama zake zovutikira silifuna kumasulira ndagi.

ZIZINDIKIRO NDI MANAMBALA

Mpumiro, mpatuliro ndi mfunsiro ndi tizinthu tating'ono, koma timagawa ganizo. Taonani ziganizo ziwiri izi. "Osadikira, mawa mitengo ikwera." "Osadikira mawa, mitengo ikwera." Choyamba chikuuza wogula tsiku limene mitengo ikwere. Chachiwiri sichikutchula tsikulo, ndipo mitengoyo ingakwere ngakhale madzulo ano. Mawu ndi omwewo, koma mpatuliro wasuntha.

Ku America mpatuliro udafika mpaka ku khoti. Madalaivala a kampani ya mkaka ya Oakhurst Dairy, m'chigawo cha Maine, adasumira abwana awo pofuna malipiro a maola owonjezera. Lamulo la chigawocho lidali ndi mndandanda wa ntchito zimene sizilandira malipiro otere, koma pakati pa ntchito ziwiri zotsiriza padalibe mpatuliro. Choncho sizidadziwike bwino ngati kugawa katundu idali ntchito payokha kapena mbali chabe ya kulongedza. M'chaka cha 2017 khoti la apilo lidakomera madalaivala, ndipo mu 2018 kampaniyo idavomera kulipira madola 5 miliyoni. Amene adasiya mpatuliroyo adali olemba lamulo, koma phunziro lake likufika kwa aliyense wolemba mfundo za malonda: mawu akakhala ndi matanthauzo awiri, wina adzasankha tanthauzo limene likumukomera.

Manambala ndiwo oopsa koposa. K1,500 ndi K15,000 zimasiyana ndi ziro mmodzi. Mukalemba wotsikawo molakwitsa, mwina mugulitsa moluza kapena mukangana ndi wogula. Mukalemba wokwerawo, wogula angodutsa osafunsa n'komwe, ndipo inu simudzadziwa chimene malonda akuvutira. Nambala ya foni yolandirira ndalama pa Airtel Money kapena Mpamba ikalakwika pamodzi pokha, ndalama zipita kwa munthu wina. Ngakhale deti lifunika kusamala. Kwa ife ndi ku Britain 03/04 ndi pa 3 April, koma ku America ndi pa 4 March. N'kwabwino kulemba dzina la mwezi lonse.

KUSIYANA NDI AKUBA

Masiku ano ambiri a ife tidalandirapo uthenga wachinyengo pa foni, wonena kuti tapambana mphoto kapena kuti titumize ndalama pa nambala ina. Mabanki ndi makampani a mafoni amachenjeza anthu za mauthenga otere, ndipo chizindikiro chimodzi chimene anthu adaphunzira kuyang'ana ndi kalembedwe kosalongosoka. Akuba amatsegulanso masamba okhala ndi dzina lofanana ndi la kampani yodziwika, atangosintha chilembo chimodzi, kuti wosayang'anitsitsa agwe m'mbuna.

Mu February 2016 akuba adalowa m'makompyuta a banki yaikulu ya dziko la Bangladesh natumiza malamulo abodza ku Federal Reserve Bank ya ku New York, kumene dzikolo limasunga ndalama. Adafuna kuba pafupifupi madola 1 biliyoni. Madola 81 miliyoni adapitadi ku Philippines. Koma madola 20 miliyoni amene ankapita ku bungwe lina ku Sri Lanka adaimitsidwa, chifukwa akubawo adalemba fandation m'malo mwa foundation, ndipo a Deutsche Bank, kumene ndalamazo zinkadzera, adakayika nafunsa.

N'zoona kuti tsopano akuba ena amalemba bwino mothandizidwa ndi makompyuta, kotero kalembedwe kabwino pakokha si umboni wakuti munthu ndi wokhulupirika. Komabe kalembedwe koipa kamadzutsa chikayiko nthawi yomweyo. Wamalonda wachilungamo amene amalemba mosasamala amadziveka yekha malaya a wakuba.

"BOLA AMVE"

Nditafotokozera mnzanga wina nkhani imeneyi, iye adati, "Aise, Chichewa aliyense amalemba m'mene akufunira. Bola amve." Maganizo amenewa ali ndi anthu ambiri. Timachita manyazi tikalakwitsa Chingerezi, koma chiyankhulo chathu timachilemba chisawawa. Komatu Chichewa chili ndi malamulo ake olembedwa. Chidasankhidwa kukhala chiyankhulo cha fuko m'chaka cha 1968. Bungwe la Chichewa Board, limene lidakhazikitsidwa mu 1972, lidatulutsa malamulo a kalembedwe mu 1973 ndipo lidawaunikanso mu 1980 ndi mu 1990. Kuyambira mu 1996 ntchitoyi idapita ku Centre for Language Studies ya Yunivesite ya Malawi ku Zomba, imene idakonzanso buku la Mtanthauziramawu wa Chinyanja.

Mnzangayo sadalakwe kotheratu. Pali mawu ena amene anthu amalemba mosiyana popanda kusokoneza munthu, monga mau ndi mawu. Pa oterewa chofunika ndi kusankha njira imodzi ndi kuitsata tsamba lonse. Ndiponso sitiyenera kuseka mayi wogulitsa mandasi amene sadapite patali ndi sukulu chifukwa chakuti waphonya chilembo. Koma mawu akuti "bola amve" ali ndi vuto limodzi: wolemba ndiye amaganiza kuti zamveka, pamene woweruza ndi wowerenga. Ine ndidali wotsimikiza kuti aliyense amva zimene ndidalemba. Mayi wa ku Lilongwe uja adamvadi, koma adamva zimene zidalembedwa, osati zimene zidali m'mutu mwanga.

NANGA TICHITE CHIYANI?

Choyamba, tisalembe mothamanga. Akuluakulu adati kuthamanga sikufika. Lembani pa pepala kapena pena paliponse, musiye kwa kanthawi, kenaka muwerengenso musanaike pa tsamba.

Chachiwiri, werengani mokweza. Khutu limagwira zimene diso laphonya. Ndikadatchula mokweza liwu lija, kampweya ka h kakadandiuza kuti ndalemba chogonapo m'malo mwa ndiwo.

Chachitatu, patsani munthu wina kuti awerenge, makamaka amene sadziwa malonda anuwo. Mutu umodzi susenza denga. Wolemba amaona zimene ankafuna kulemba, koma mlendo amaona zimene zalembedwadi. Mufunseni kuti, "Mwamva kuti ndikugulitsa chiyani, pa mtengo wanji, ndipo chifika liti?"

Chachinayi, mitengo, manambala a foni, madeti ndi mayina muziziwerenga pazokha, chimodzichimodzi, mukufananitsa ndi zimene zili m'kope lanu.

Chachisanu, musadalire makina okha. Foni imene idatcheredwa ku Chingerezi imasintha mawu a Chichewa mwini wake osadziwa. Pulogalamu yokonza masipelo siingaone cholakwa pa lice, chifukwa limenelo ndi liwu lenileni. Google Translate idayamba kumasulira Chichewa mu December 2014 ndipo imathandiza, koma zimene yamasulira ziyenera kuwerengedwa ndi munthu wodziwa ziyankhulo zonse ziwiri.

Chachisanu ndi chimodzi, ikani chithunzi pambali pa katundu aliyense. Chithunzi cha nsomba chikadakhalapo, mayi uja akadafunsa asanatumize ndalama.

Potsiriza, mukalakwitsa konzani msanga ndipo pepesani poyera. Izi ndi zimene tidachita. Azakhali adamuimbira mayiyo namufotokozera zonse, ndipo ine ndidalemba chipepeso pa tsamba lija, nditachiwerenga katatu. Mayiyo adafufuta mawu ake aja, ngakhale kuti mpaka lero sadaitanitsenso kanthu.

Anzanga, ambiri a ife tikapita ku tchuthi ndife amene makolo, amalume ndi azakhali amatipatsa foni kuti tiwalembere. Amatikhulupirira chifukwa adatitumiza ku sukulu. Ena amagulitsa mbuzi kapena thumba la chimanga kuti fizi yathu ipezeke, ndipo sibwino kuti dzanja lomwe akuliphunzitsalo liziwaluzitsa. Kwa inu makolo, pempho langa ndi lakuti mwana akakulemberani, mumuuze akuwerengereni mokweza musanavomere.

Tsiku lobwerera ku sukulu, azakhali adandiperekeza ku siteji. Adandipatsa kaphukusi nati, "Tenga kampasa aka, ukadye ndi anzako. Koma usakagonepo." Tidaseka tonse. Teremu ino, mphunzitsi wa Chichewa akamalowa m'kalasi, ine ndimakhala pa desiki ya kutsogolo.